TIZAMOYO TOSAONEKA TIMENE TISANDUTSA NDOWE KUKHALA MOTO

MUNTHU ali yense amene anapondapo m'matope a m'dambo pa nyengo ya dzinja adziwa kuti phazi likamira, pamwamba pa madzi pamatumphuka thobvu monga ngati pansipo pali cinthu cimene ciri kupuma. Abusa amaliona thobvuli pomwetsa ng'ombe, ndipo asodzi a ku Bangweulu ndi ku Lukanga amaliona pamene abaya pansi ndi mtengo wokankhira bwato. Palibe amene amalisamala. Koma mpweya umene uli m'thobvu limeneli umayaka moto. Ndi womwewo umene ng'ombe imageya pobzikula, ndipo ndi womwewonso umene mabanja ena ali kuphikira nsima lero lino popanda nkhuni kapena malasha.

Woyamba kuuyesa mpweyawu mwa njira ya sayansi anali Alessandro Volta wa ku Italy, amene dzina lake likumbukidwa ndi cilembo ca V colembedwa pa mabatire a wailesi ndi a tochi. Mu November 1776 iye anali pa nyanja ya Maggiore. Anabvundula matope a m'bango ndi ndodo, nasonkhanitsa mpweya wotulukawo m'botolo, ndipo atauyandikiza ku moto unayaka. Mpweyawo ndiwo uchedwa methane masiku ano. Volta anaona kuti umacokera m'malo mmene muli zomera zoola, koma cimene cimaupanga sanacidziwe. Panapita zaka zoposa 100 akatswiri asanatsimikize kuti umapangidwa ndi tizamoyo tating'ono tosaoneka ndi maso, ndipo panapitanso zaka zina zambiri asanazindikire kuti tizamoyoti ndi ta mtundu wa patokha. Dzina lao la lero ndi Archaea, locokera ku mau a Cigiriki otanthauza zinthu zakale-kale.

Kufunsa ciwongo

Anthu awiri osadziwana akakumana pa ulendo, nkhope siziwauza ngati ali pa cibale. Amafunsana ciwongo: uyu Phiri, uyo Banda, ndipo pomwepo adziwa poyambira. Bvuto la akatswiri linali lakuti tizamoyo tosaoneka timafanana nkhope. Pa galasi lokuzira zinthu tina timaoneka ngati timipira, tina ngati tindodo, ndipo 1,000 titandanda pa mzere umodzi tingangokwana milimita imodzi. Motero mabuku a sukulu anali kuphunzitsa kuti zamoyo ziri m'magulu awiri okha: gulu la anthu, nyama, zomera ndi bowa, ndi gulu la mabakiteriya mmene munaponyedwa tizamoyo tonse totsala.

Carl Woese wa pa University of Illinois ku America anafuna njira yofunsira tizamoyoti ciwongo. M'selo iri yonse ya camoyo, kaya ya munthu, ya cimanga kapena ya bakiteriya, muli timakina topanga zomangira thupi, ndipo m'timakina timeneti muli kacingwe kochedwa RNA kamene kamasintha pang'ono-pang'ono pa mibadwo yosawerengeka. Zamoyo zimene zinapatukana posacedwa ziri ndi tizingwe tofanana kwambiri, pamene zimene zinapatukana kale ziri ndi tosiyana. Kwa zaka pafupi-fupi khumi Woese anakhala ali kuwerenga madontho akuda pa mafilimu, limodzi-limodzi, nchito yotopetsa imene ambiri anaiyesa yopanda pake. Mnzake wa pa sukulu yomweyo, Ralph Wolfe, anali kuweta tizamoyo topanga methane m'mabotolo otsekedwa. Woese atayesa timeneti anapeza kuti ciwongo cao sicinali ca mabakiteriya ai, ndipo m'caka ca 1977 iye pamodzi ndi George Fox analengeza kuti apeza gulu lacitatu la zamoyo.

Nkhaniyi sinalandiridwe ndi manja awiri. Akatswiri ambiri ochuka anaikana, ena anaiseka. Koma Otto Kandler wa ku Germany anali ataona kale kuti cikopa ca selo ya tizamoyoti cinamangidwa ndi zinthu zina, zosiyana ndi za mabakiteriya, ndipo umboni unanka nuculuka. M'caka ca 1990 Woese, Kandler ndi Mark Wheelis anapereka dzina la Archaea, limene ligwiritsidwa nchito kufikira lero. Woese anamwalira mu 2012 atauona mtsutsowo utatha.

Kusiyana kwake nkwakukulu. Mafuta amene amakuta selo ya Archaea analukidwa mwa njira yolimba imene sipezeka m'mabakiteriya kapena m'nyama. Mankhwala a penisilini, amene amapha bakiteriya mwa kugumula cikopa cake, sacita kanthu pa tizamoyoti cifukwa tiribe cikopa ca mtundu umenewo. Codabwitsa koposa ncakuti njira imene timawerengera malangizo a m'DNA yao ifanana kwambiri ndi ya m'thupi la munthu kuposa ya mabakiteriya. Zimenezi zinaoneka poyera mu 1996 pamene DNA yonse ya kamodzi ka ito, kochedwa Methanococcus jannaschii, inawerengedwa.

Pali mfundo imodzi imene anthu a m'midzi ayenera kuimva bwino, popeza amene amaphunzitsa za ukhondo anazoloweretsa anthu kuganiza kuti kanthu kali konse kosaoneka ndi kacirombo ka matenda. Kufikira lero palibe mtundu wa Archaea umene unatsimikizidwa kuti umayambitsa nthenda mwa munthu, ciweto kapena mbeu. Komatu timakhala m'matumbo a anthu ambiri athanzi, makamaka mtundu wochedwa Methanobrevibacter smithii, ndiponso m'kamwa ndi pa khungu.

M'madzi owira ndi m'mcere

Apaulendo ocokera ku Chipata kupita ku Lusaka amadutsa pa Chinyunyu, pamene madzi otentha amatumphuka pansi, ndipo akasupe ena otere ali ku Kapishya ndi m'cigwa ca Luangwa. Kale anthu ophunzira anali kuganiza kuti m'madzi otentha kwambiri simungakhale camoyo. Mu 1972 Thomas Brock ndi anzake anafotokoza za kamoyo kochedwa Sulfolobus, kokhala m'akasupe a ku Yellowstone ku America mmene madzi ndi otentha kufika madigiri 80 ndiponso owawasa koopsa. Mu 1986 Karl Stetter wa ku Germany ndi mnzake analengeza za Pyrococcus furiosus, kocokera m'mcenga wotentha wa m'mbali mwa cisumbu ca Vulcano ku Italy, kamene kamakula bwino koposa pa madigiri 100, kutentha kumene madzi a m'mphika amawirira. Mu 2008 akatswiri a ku Japan anaona mtundu wa Methanopyrus kandleri, wotengedwa pansi pa nyanja yaikulu ya India, uli kuswana pa madigiri 122.

Tina timakonda mcere. Nyanja ya Mcere yochulidwa m'Baibulo inali kuyesedwa yopanda camoyo ciri conse, koma mu 1936 wophunzira wina, Benjamin Elazari Volcani, anapezamo tizamoyo, ndipo mtundu wina wa Archaea unachedwa dzina lake pomukumbukira. Tizamoyo ta mumcere timakhala tofiira, ndipo tikaculuka timafiiritsa madzi a m'maiwe ophikiramo mcere ndi a m'nyanja monga ya Magadi ku Kenya. Mawanga ofiira amene nthawi zina amaoneka pa nsomba zouma zothiridwa mcere wambiri ndi nchito yao. Kamodzi ka ito, kamene Anthony Walsby anakapeza ku Sinai mu 1980, kali ndi ngondya zinai ndipo nkophwatalala ngati sitampa ya pa kalata.

Cifukwa ca zimenezi, kwa nthawi yaitali Archaea inali kuonedwa ngati zodabwitsa za kumalo oopsa basi. Maganizowo anagwa mu 1992 pamene akatswiri awiri a ku America, ali yense payekha, anapeza tizamoyoti m'madzi ozizira a m'nyanja zazikulu. Tsopano kwadziwika kuti pafupi-fupi gawo limodzi mwa magawo asanu a tizamoyo ta m'madzi a nyanja zimenezo ndi Archaea, ndi kuti tiri m'dothi la m'munda uli wonse, m'matope a m'dambo ndi m'mimba mwa ciswe.

M'mundamo tiri ndi nchito imene ikhudza feteleza. Mlimi akathira feteleza wa Urea kapena manyowa, cakudya ca mbeu cimayamba cakhala mu mkhalidwe umene umamatirira ku dothi. Mitundu ina ya Archaea, pamodzi ndi mabakiteriya, imayamba kucisandutsa kuti cikhale cosungunuka, cimene mizu ya cimanga imayamwa mosabvuta koma cimenenso mvula yamphamvu imacitsukira pansi kutali ndi mizu. Kufikira 2005 anthu anali kuganiza kuti nchito imeneyi ndi ya mabakiteriya okha. Apa ndi pamene pagona nzeru ya alangizi a zaulimi pouza alimi a m'dothi lamcenga kuti feteleza wobereketsa asamthire yense pa tsiku limodzi.

M'cifu ca ng'ombe

Ng'ombe payokha singathe kugaya udzu. Cifu cake cacikulu, cimene pa ng'ombe yaikulu cimalowa malita oposa 100, ciri ngati mbiya ya mowa imene iri kuwira usana ndi usiku. Mmenemo muli mabakiteriya ndi tizamoyo tina timene timaphwanya udzu ndi kutulutsa zowawasa zimene thupi la ng'ombe limayamwa nkupanga nyama, mkaka ndi mphamvu zokokera pulawo. Pa kuwira kumeneku pamatulukanso mpweya wa hydrogen, umene ukaculuka umacedwetsa nchito yonse, monga momwe phulusa likaculuka pa mafuwa limazimitsira moto. Archaea ndiyo imaola phulusalo. Imatenga mpweyawo ndi kuuphatikiza ndi wa carbon dioxide, ndipo cotsatira cake ndi methane, amene ng'ombe imatulutsira kukamwa pogeya. Palibe camoyo cina codziwika cimene cimapeza moyo wake mwa kupanga methane motere.

Thandizo limeneli liri ndi mtengo wake. Pa mphamvu zonse zimene ziri m'cakudya ca ng'ombe, magawo a pakati pa 2 ndi 12 pa 100 ali onse amauluka ndi mpweya wogeyawo. Ng'ombe yaikulu ya mkaka imatha kutulutsa malita 250 kufikira 500 pa tsiku. Ng'ombe za m'midzi, pokhala zazing'ono ndi zodya pang'ono, zimatulutsa ocepera pamenepa. Udzu wouma wa mu September ndi October umakhalitsa m'cifu, ndipo ng'ombe yodya umenewu wokha imaonda, mkaka ucepa, koma kugeya sikuleka. Mlimi amene amasunga masamba a nshawa ndi a nyemba, napatsa ng'ombe zake gaga ndi masamba a mitengo yopatsa thanzi m'cirimwe, amapeza mkaka wambiri pa mpweya umene ziweto zake zitaya. Kumaiko a ku Ulaya kuli mankhwala osakaniza ndi zakudya, obvomerezedwa mu 2022, amene amafooketsa Archaea m'cifu ndi kucepetsa methane ndi magawo pafupi-fupi 30 pa 100. Koma afunika kupatsidwa tsiku ndi tsiku m'cakudya coyezedwa, cinthu cosatheka kwa ng'ombe zimene zimaswera kubusa.

Cimene maiko adera nkhawa ndi mpweyawu ncakuti umasunga kutentha kwa dzuwa. Pa zaka 100, kilogalamu imodzi ya methane imatenthetsa dziko kuposa kilogalamu ya carbon dioxide nthawi pafupi-fupi 28, ngakhale kuti m'mlengalenga imangokhalamo zaka ngati 12. Pa msonkhano wa ku Glasgow mu 2021 maiko oposa 100 analonjeza kucepetsa methane ndi magawo 30 pa 100 pofika 2030. Woculuka amacokera m'madambo, m'ziweto, m'minda ya mpunga, m'zinyalala za m'mizinda ndi m'migodi ya mafuta ndi ya malasha a pansi. Kungakhale kupanda cilungamo kuloza cala mlimi wa ng'ombe zinai za pulawo pa mlandu umene maiko olemera anaukulitsa kwa zaka zambiri. Komabe alimi a mpunga, monga a ku Chama ndi ku Mongu, angapindule kudziwa kuti Archaea ya mtundu umenewu imafooka ikakhudzana ndi mpweya wabwino: munda wothirira umene uloledwa kuphwa madzi kwa masiku owerengeka kenaka nkuthiridwanso umatulutsa methane wocepa, ndipo madzi amasungika.

Ziriponso zina za pfuko lomweli zimene zimacita zosiyana. M'matope a pansi pa nyanja zazikulu muli Archaea imene imadya methane mothandizana ndi mabakiteriya, ndipo imatha woculuka wa mpweya wa mmenemo usanafike pamwamba.

M'nyumba zopimira ndi ku migodi

Camoyo cimene cimakhala m'madzi owira ciri ndi zida za m'thupi zosaonongeka ndi moto, ndipo anthu anaphunzira kuzibwereka. Pali njira yochedwa PCR yocurukitsira kacidutswa ka DNA kufikira kataoneka, imene zipatala zimapimira kuculuka kwa kacirombo ka HIV m'magazi ndiponso imene inamveka kwambiri pa mliri wa Covid-19. Njirayi imafuna kutenthetsa ndi kuziziritsa mobwereza-bwereza. Cida coyamba copirira kutenthako cinacokera kwa bakiteriya wa ku Yellowstone, koma kuyambira 1991 pali cina cochedwa Pfu, cotengedwa kwa Pyrococcus furiosus uja, cimene cimabwerera kukakonza pamene calakwitsa. Akatswiri amasankha cimeneci pamene afuna kukopera kopanda colakwa.

Nkhani yina inayambira m'maiwe a mcere a ku Santa Pola ku Spain. Mu 1993 wophunzira wacinyamata, Francisco Mojica, anaona zilembo zobwerezeka modabwitsa m'DNA ya kamoyo ka mumcere kochedwa Haloferax mediterranei. Atazitsata kwa zaka khumi anazindikira kuti ndi cikumbutso ca mavairasi amene anaukirapo kamoyoko, cimene kamazindikirira mdani akabweranso. Dzina lakuti CRISPR linacokera kwa iye. Akatswiri ena anatenga njira yomweyo m'mabakiteriya naisandutsa lumo lodulira DNA, ndipo awiri mwa iwo, Emmanuelle Charpentier ndi Jennifer Doudna, analandira mphotho ya Nobel mu 2020. Kumapeto kwa 2023 maiko a Britain ndi America anabvomereza cithandizo coyamba copangidwa ndi lumoli, ndipo ndi ca nthenda ya magazi ya sickle cell, imene mabanja ambiri m'Zambia aidziwa ndi misozi. Mtengo wake, wopitirira madola 2 miliyoni pa munthu mmodzi, ukali kutali ndi odwala a kuno monga kumwamba ndi pansi.

A ku migodi naonso ali ndi cidwi. Mwala wa mkuwa wochedwa chalcopyrite, umene upezekanso ku Copperbelt, ndi wouma mtima posungunula. Archaea ya m'akasupe otentha ndi owawasa imatha kuudya pa madigiri 70 kapena 80 ndi kumasula mkuwa popanda ng'anjo. Njirayi inayesedwa pa mgodi wa Chuquicamata ku Chile kuciyambi kwa zaka za m'ma 2000, koma sinafale kwambiri.

Za ciwongo cija zinabukanso mu 2015, pamene akatswiri a pa Uppsala University ku Sweden anapeza m'matope a pansi pa nyanja, pakati pa Norway ndi Greenland, DNA ya Archaea yokhala ndi zizindikiro zimene zinali kudziwika m'maselo a nyama ndi zomera mokha. Gulu la Hiroyuki Imachi ku Japan linapirira zaka 12 kuti liwete kamoyo kotere m'botolo, popeza kamatenga milungu iwiri kapena itatu kuti kagawanike pawiri, pamene bakiteriya wina amatero pa mphindi 20; analengeza za kupambana kwao mu 2020. Akatswiri ambiri tsopano akhulupirira kuti maselo a nyama, zomera ndi bowa anayamba pamene kamoyo ka Archaea kanakhalira pamodzi ndi bakiteriya, zaka pafupi-fupi 2,000 miliyoni zapitazo.

Moto wa m'ndowe

Pa 29 February 2024 Mtsogoleri wa dziko lino, a Hakainde Hichilema, analengeza kuti cilala ca caka cimeneco cinali tsoka la dziko lonse. Madzi a ku Kariba anatsika, magetsi anali kuzima kwa maola ambiri pa tsiku, ndipo a m'mizinda anathamangira malasha. Katundu wa bvutolo anagwera mitengo ya m'midzi ndi mitu ya amai amene amayenda mtunda wonka nutalika kukatola nkhuni. Utsi wa m'khichini nao ndi mdani wacete-cete: bungwe la World Health Organization linawerengera kuti mu 2020 anthu 3.2 miliyoni pa dziko lonse anafa ndi matenda obwera cifukwa ca utsi wa m'nyumba.

Ku Rwanda anapeza methane wao atasungidwa kale. Pansi pa nyanja ya Kivu, Archaea yakhala iri kupanga mpweyawu kwa zaka zosawerengeka, ndipo madzi ozama ausunga wokwana pafupi-fupi makyubiki mita 60 biliyoni. Makina a KivuWatt, otsegulidwa mu 2016, amakoka madzi pa kuya kwa mamita oposa 300, nacotsamo mpweyawo ndi kupanga magetsi okwana mamegawati 26. Mlimi wa ku Katete kapena ku Lundazi alibe nyanja yotere, koma ali ndi khola.

Dzenje la gasi wa ndowe ndi cifu ca ng'ombe comangidwa ndi njerwa zoocha ndi simenti. Limakumbidwa pansi, pamwamba pake nkubvundikiridwa ngati mbiya yozondoka yosalola mpweya wa kunja kulowa. Mbali yina kuli polowetsera, mbali yina potulukira, ndipo pa nsonga pamacokera paipi yopita ku khichini. M'mawa uli wonse ndowe zatsopano zimasakanizidwa ndi madzi, ndowa imodzi ya ndowe pa ndowa imodzi ya madzi, atacotsamo udzu ndi miyala. M'katimo mabakiteriya amayamba kuphwanya ndowe ndi kutulutsa zowawasa, ndipo Archaea imamaliza nchitoyo. Gasi wotuluka amakhala ndi magawo 50 kufikira 70 a methane pa 100 ali onse, ndipo amayaka ndi lawi lopanda utsi limene silidetsa mphika. Makilogalamu 25 a ndowe zaziwisi amapereka gasi wokwana malita pafupi-fupi 1,000, wophikira maola awiri kapena atatu pa mbaula imodzi. Banja la ng'ombe zitatu kapena zinai zogona m'khola lingayambe, ngakhale kuti ndowe zimene zimagwera kubusa ndi zotayika; ndowe za nkhumba nazo zimagwira nchito.

Phala limene limatuluka pambuyo pa masiku 40 kapena 60 likhala lisanataye cakudya ca mbeu. Silinunkha kwambiri, siliitana nchenche ngati ndowe zaziwisi, ndipo njere zambiri za udzu zimakhala zitafa. Ku dimba la repu, matimati ndi nthoci ndi cuma, ndipo alimi ena amaliwerengera kuposa gasi weni-weniyo. Tizirombo ta matenda timacepa m'phalamo koma sititha tonse, motero wolitunga asambe m'manja, ndipo lisathiridwe pa masamba odyedwa osaphika.

Njirayi si yatsopano. Ku India inafala kuyambira zaka za m'ma 1950, ndipo ku China maenje a m'mabanja anapitirira 40 miliyoni. M'Zambia muno amangidwa m'zigawo zingapo, makamaka kwa alimi a ng'ombe za mkaka. Koma amene afuna kugula simenti ayambe wamva mbali yinayo: pa maenje mamiliyoni amene anamangidwa mofulumira ku China m'zaka za m'ma 1970, ambiri analeka kugwira nchito patangopita zaka zocepa. Ena anang'aluka cifukwa ca mmisiri wosadziwa, ndipo kamng'alu kocepa ngati tsitsi nkokwanira kutaya gasi yense. Ena anafa cifukwa eni ake sanadziwe kuti m'dzenjemo muli zoweta zofuna cisamaliro.

Archaea imakula mocedwa kuposa mabakiteriya. Munthu akathira ndowe zambiri nthawi imodzi pofuna gasi wambiri, mabakiteriya amatulutsa zowawasa mofulumira kuposa mmene Archaea ingazithere. Dzenje limasasa, fungo libvuta, ndipo lawi lizima. Mankhwala ake ndi kuleka kuthira kwa masiku angapo, kenaka kuyambanso pang'ono-pang'ono. Madzi a sopo wambiri, mankhwala a dipi ndi ndowe za ng'ombe imene yangolasidwa jekeseni wa mankhwala opha mabakiteriya zisalowemo. Tizamoyo ta m'dzenje timakonda kutentha kwa madigiri 35 kapena pafupi ndi pamenepo, monga m'mimba mwa ng'ombe, kotero m'miyezi yozizira ya June ndi July gasi amacepa. Si kuti dzenje laonongeka, ndipo kusakaniza ndowe ndi madzi amene aothera dzuwa kumathandiza. Bvuto lalikulu ndi madzi eni ake. Dzenje limamwa ndowa zingapo tsiku liri lonse, ndipo pa mudzi pamene citsime ciri kutali, kumanga dzenjeli kuli ngati kucotsa mtolo wa nkhuni pa mutu wa mai ndi kumsenzetsa mtsuko m'malo mwake. Mkodzo wa ng'ombe wocokera m'khola lowaka pansi ungalowe m'malo mwa gawo la madziwo.

Ngozi ziripo ziwiri. Methane alibe fungo, ndipo fungo la dzira loola limene limamveka pa gasiyu limacokera ku mpweya wina wapoizoni wopangidwa ndi mabakiteriya; likamveka m'khichini, zitseko zitsegulidwe, moto usayatsidwe, ndipo polumikizira mapaipi papakidwe thobvu la sopo kuti paoneke podontha. Yaciwiri ndi yakupha msanga: munthu asalowe m'dzenje lotere, ngakhale litakhuthulidwa, kufikira litapitidwa mphepo kwa masiku ndipo mmisiri wodziwa atabvomereza, cifukwa mpweya wopuma mulibe ndipo wolowamo amakomoka asanapfuule. Wotsikira kukapulumutsa mnzake amagwa cimodzi-modzi.

Dzenje latsopano lingatenge milungu iwiri kufikira inai lisanapereke gasi woyaka bwino, ndipo woyambirira amakhala wosayaka, woyenera kutayidwa panja kutali ndi moto. Ndowe za ng'ombe zimabwera ndi Archaea yake kucokera m'mimba, motero palibe cogula ku sitolo. Amisiri ofuna kufulumiza nchito amacita monga amacitira mai amene moto wamzimira m'mawa: amapita kwa mnansi amene dzenje lake liri kuyaka, napempha migolo iwiri kapena itatu ya phala lotuluka kumene, nkudzaithira m'dzenje latsopanolo lisanatsekedwe.